Chitsime Chitagumukira a Kampanje

Kalekale, mijigo isanabwere, pamene wofuna madzi ankayenera kulowa pansi kukawapeza, kudali mkulu wina wokumba zitsime dzina lake a Kampanje. Tsekani makopewo kaye. Ndikuona miyendo ikugwedezeka pansi pa madesiki, ndipo ndikudziwa kuti mayeso ali pakhomo. Ntchito za chiyankhulo mwaziloweza ngati nyimbo, ndakumvani. Lero ndikufuna ndione ngati mungazizindikire mutakumana nazo panjira zitavala malaya.

A Kampanje adali munthu wouma pakamwa. Ukawapatsa moni ankangogwedeza mutu, likakhala tsiku labwino ankawonjezapo kakuti "ee". Anthu akachulutsa nkhani pantchito, iwo ankangoti, "Pakamwa sipatulutsa madzi," n'kutsikira m'dzenje mwawo. Chuma chawo chidali chimodzi: chitsulo chokumbira, chachitali ngati munthu, chosongoka mbali imodzi, pogwirira pake posalala ndi thukuta la mibadwo itatu. Adachilandira kwa atsibweni awo pamodzi ndi chinsinsi chodziwira malo pamene pali madzi. Mwambo wa banja limenelo udali wosapindika: chitsulo ndi chinsinsi zinkapita kwa munthu mmodzi yekha. Ameneyo ndiye ankaitanidwa m'midzi, kulandira mbuzi ndi ulemu. Otsalawo ankakalamba akukoka chingwe pamwamba.

Ana a mlongo wawo adali atatu, onse akuluakulu apabanja, ndipo onse maso adali pachitsulocho.

Woyamba adali Mwatitha, munthu wa malonje. Ukamtuma kukabwereka nkhwangwa m'mawa, unkadziwiratu kuti nkhuni uwaza mawa. Aliyense wokumana naye panjira ankaima naye, kumfunsa za kunyumba, za mwana amene ankatsokomola mwezi watha, za mbuzi imene idathyoka mwendo. Sankafuna kanthu kwa anthuwo, ndipo kawirikawiri yankho ankalidziwa kale. Atsibweni ake akamuona ataima pamphambano manja ali kumbuyo, ankakukuta mano.

Wachiwiri adali Nditani, wogwira chingwe. Iyeyu ankanena zokhazo zimene waona, osathira mchere. Ukamfunsa ngati kumsika kudali anthu, ankakuuza kuti ogulitsa mphasa adali asanu ndi awiri, ndipo mmodzi adachoka dzuwa lisanafike pamutu. Mawu ake adali otsika. Nkhani yakuti kwabadwa mwana ndi yakuti nyumba ikupsa ankazinena mofanana, ndipo pamowa anthu ankamuthawa.

Wotsiriza adali Ndaziona, wamkazi, woyang'anira madengu otayira dothi. Mawu akuti "chonde" sadawaphunzire. Pakamwa pake padali "bwera, tenga, tula, choka apo", ndipo liwu lake linkamveka mpaka tsidya lina la dambo. Chodabwitsa n'chakuti anthu ankadandaula ali m'kati mochita zimene wanenazo. Mwamuna wake adabwera pamudzipo ali wonenepa, zinazo musandifunse.

Amuna awiriwo adatenga akazi awo chitengwa, kuwabweretsa pamudzi pa amayi awo, kuopa kuti akapita kuchikamwini angatalikirane ndi chitsulo. Chaka chilichonse ankafunsa mwaulemu kuti kodi atsibweni aganiza zotani, ndipo a Kampanje ankangoti, "Tiona." Imvi zidadzaza mutu, "tiona" osatha. Abalewo adayamba kuyang'anana cham'mbali. Padalinso akazi awo a Kampanje, a Nachisale, mtengwa wochokera kutali kuseri kwa mapiri, amene ana awo onse adamwalira ali aang'ono. Dothi la chitsime chilichonse chimene amuna awo adakumba lidadutsa pamutu pawo m'dengu, koma pankhani ya chitsulo palibe ankawawerengera, pakuti sadali a banjalo.

Tsidya lina la dambo kudali mudzi wa anthu ocheka matabwa, ndipo mkulu wa ochekawo adali a Thawale. Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, mlongo wawo wa a Thawale adamwalira. Tsiku loika maliro a Kampanje adali paulendo wokakumba kwina, ndipo njira yawo idadutsa pamudzi pomwepo. Inu mukudziwa chimene munthu amachita akapeza masamba atayalidwa panjira: amatula katundu, kuvula chipewa, kukhala pansi pang'ono n'kupepesa. A Kampanje adadutsa pakati pa anamfedwa chitsulo chili paphewa, osatsegula pakamwa. Sadachite ndi mtima woipa ayi, maganizo adali kudzenje. Koma kuyambira tsiku limenelo a tsidya lija adatseka pakamwa nawonso. Moni adatha, kupalana moto kudatha, kuyenderana pamaliro kudatha. A tsidya lino adakwiya n'kubwezera, kupatula Mwatitha. Iye zaka zonsezo akakumana ndi munthu wa kwa a Thawale ankaima, kuwomba m'manja, "Mwaswera bwanji?" Munthuyo ankadutsa ngati wangomva mphepo. Mawa lake Mwatitha ankateronso, anzake n'kumamuseka kuti akulonjera zitsa.

Chaka chimene ndikunenachi chilimwe chidawawa. Zitsime zakale zidaphwa, ndipo a Kampanje adayamba china chatsopano kumapeto kwa mudzi, pakati pa chulu ndi mtengo wa mthethe. Kakumbidwe kawo mukagwire bwino, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Pansi pa dzenje ankaboola kaphanga m'khoma, kobisalamo dengu likamakwera, kuti mwala ukagwa usawaswe mutu. Dzenje likazama ankaboola kena m'munsi. Ndiponso ankatsitsa nsungwi zoboola m'kati, zolumikizalumikiza, kuchokera pamwamba kukafika m'kaphangamo, kuti zizilowetsa mpweya. Munthu wina bwenzi akuyankhuliramo. Iwo ankangogogoda: kamodzi ndiye kuti koka, kawiri ndiye kuti tsitsa.

M'mawa wa tsikulo, dengu lachitatu likukwera, Nditani adasuzumira n'kunena kuti, "Atsibweni, mchenga ukuyoyoka pa mfundo yachiwiri ya chingwe, mbali ya kum'mawa." Adanena kamodzi, ndi mawu ake aja a tsiku ndi tsiku. A Kampanje adagogoda kawiri. Nditani adatsitsa dengu. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma ili lidanunkha ndithu, kungoti amene adamva fungo sadakuwe. Dzuwa lisanatenthe kwenikweni kudamveka kugunda pansi, fumbi lidatuluka m'dzenje, chingwe chidalimba m'manja mwa Nditani n'kuleka kugwedezeka. Khoma la kum'mawa lidali litagumuka, ndipo poyang'ana m'munsi padali mchenga wokhawokha.

Mudzi wonse udathamangirako. Amayi adayamba kulira maliro, amuna adabwera ndi makasu, aliyense akukankha mnzake kuti asuzumire, ndipo phazi lililonse lofika m'mphepete linkagwetseramo mchenga wina. Aliyense ankayankhula, womvera padalibe.

Ndaziona adakwera pachulu. "Amuna awiri alumphiremo ndi makasu. Inu apo, zulani nsungwiyo tibayire mumchenga, tione pamene ali." Mwamuna wina adaigwira nsungwi ija ndi manja awiri n'kuponda molimba kuti akoke.

Nditani adayandikira mlongo wake n'kumukoka nsalu. "Nsungwiyo ikulowa m'kaphanga. Akupumira momwemo. Chigumukireni agogoda katatu." M'phokoso lonse lija, mawuwo adawamva Ndaziona yekha.

"Siyani nsungwiyo!" Munthu uja adaitaya ngati yamuotcha. "Achimwene, nenani zonse, msanga."

Nditani adanena osapupuluma. "Dzenje lafika mfundo zisanu. Mchenga wayambira pa mfundo yachiwiri kulekeza yachitatu, mbali ya kum'mawa yokha. Wagwawo wadzaza msinkhu wa munthu ndi theka. Kaphanga kamene alimo kali mbali ya chulu, ka kumthetheko n'kakale. Wolumphiramo awatsendera mchenga. Khoma likadali long'aluka, likapanda kutchingidwa ligumukiranso okumba. Pafunika matabwa makumi awiri aatali ngati chitseko, ndi mitanda yake."

"Matabwawo ali kuti?"

"Kwa a Thawale."

Ndaziona sadachedwe. Mawu ozizira a mchimwene wake adawanyamula n'kuwaponya pakati pa anthu. "Nonse bwererani m'mbuyo mpaka pamene pathera mthunzi wa mthethe. Amayi, lekani kulira, munthu sanafe. Tengani madengu muime mzere kuchokera apa kukafika kuseri kwa chulu. Inu agogo, chokani kum'mawako." Agogowo adali munthu wolemekezeka amene palibe adawalozapo chala chibadwire. Adatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma miyendo yawo idali itayamba kale kuyenda. Phokoso lidazizira, m'mphepete mwa dzenje mudayera, mchenga udaleka kugwa.

"Achimwene Mwatitha, thamangani kwa a Thawale. Matabwa makumi awiri aatali ngati chitseko, ndi mitanda yake. Bwerezani ndimve." Mwatitha adabwereza. "Ndipo musakaime panjira."

Kumbuyo wina adang'ung'udza kuti a tsidya lija sangamuyang'ane n'komwe.

Mwatitha adathamanga. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake adadutsa anthu awiri osawafunsa za kunyumba, ndipo zidamuwawa mumtima. Adawoloka dambo louma n'kuwapeza ochekawo ali pantchito, a Thawale ataima pamwamba pa mtengo wogonekedwa, anzawo ali m'munsi, macheka akukwera ndi kutsika. Wina aliyense bwenzi atafikira kukuwa, ndipo macheka sakadaima, pakuti anthu amene akwiya zaka zisanu ndi zinayi satumidwa ndi mdani wawo. Mwatitha adaima patali pang'ono, adanjuta, n'kuwomba m'manja.

"Odi, eni ntchito."

Macheka adapitiriza kulira. Thukuta lidamulowa m'maso. M'mutu mwake ankaona mchenga ukuyoyoka, ndipo miyendo inkafuna kudzuka yokha. Adawombanso m'manja.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Mwendo wa amayi uja, umene unatupa nthawi yokolola, ukupeza bwanji? Nanga mdzukulu wanu wamng'ono uja wayamba kukwawa?"

Macheka adaima pakati pa mtengo. A Thawale adamuyang'ana.

"Iwe, zaka zonsezi sutopa?"

"Ndikatopa ine, bambo, pakati pathu patsala chiyani?"

A Thawale adatsika pang'onopang'ono, adapukuta manja, adakhala pachipika. "Tadzuka, kaya inu," adatero, ndipo anzawo adayang'anana. Kenaka adayamba kuyankha zonse zimene adafunsidwa, monga mwambo umafunira. Adafotokoza za mwendo, mmene udatupira, mankhwala amene adayesa, amene adakanika. Adafotokoza za mdzukulu. Mwatitha adamvera mpaka kumapeto osawadula, akuvomera "inde, bambo", zala zake zikukumba pansi. Potsiriza mkuluyo adafunsa, "Nanga kwanuko kwacha bwanji, kuti mpaka mubwere thukuta lili kamukamu chonchi?"

"Sikunache bwino, bambo. Chitsime chagumukira atsibweni. Akadali ndi moyo. Pafunika matabwa makumi awiri aatali ngati chitseko, ndi mitanda yake."

"Kampanje? Uja adadutsa ndi chitsulo paphewa mlongo wanga ali gone pamphasa?"

"Omwewo, bambo. Adalakwa. Koma ndabwera ndine."

A Thawale adatokosa pansi ndi kamtengo. "Akadabwera wina, bwenzi nditamuuza kuti mwini dzenje agonemo. Koma moni wako wakhala ukundilasa zaka zonsezi, ine n'kumayang'ana kumbali ngati wakuba. Mnzako akapsa ndevu m'zimire." Adadzuka n'kutembenukira anzawo. "Tulani macheka. Senzani matabwa."

Kuchitsime kuja dzuwa lidali litafika pamutu, likuswa mtengo. Anthu adali ataima mzere ndi madengu opanda kanthu, akudikira matabwa, maso kudambo, maso kudzenje, maso kudambo. Kugogoda kwa pansi kunkabwera patalipatali. Kenaka kudaleka. A Nachisale adatula dengu, adachoka pamzere osapempha munthu, adagwada n'kuika khutu pakamwa pa nsungwi. Adamva kaliwu kochokera kutali.

"Nachisale, uwauze asavutike. Miyendo sindikuimva. Manda ndakumba kale ndekha, angokwirira."

Mawu amenewo sadawauze munthu. Adagwira nsungwi ndi manja awiri n'kuikapo pakamwa.

"Inu a Kampanje, ndimvereni, poti lero mulibe kothawira. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndakhala nanu, simudandifunsepo kuti mtima wanga uli bwanji. Amayi anga ndidawasiya kuseri kwa mapiri, adamwalira ine ndikusenza dothi lanu. Ana athu anayi tidawaika tili limodzi, inu osagwetsa liwu ngakhale limodzi, ine n'kumakalira ndekha kuseri kwa nkhokwe. Ndakwiya nanu, mwamva? Ndakwiya kwambiri. Ndiponso ndikuopa. Mukafa, ine mtengwa ndilowera kuti? Kwathu kulibenso wondidziwa. Munthu wanga ndinu nokha, wouma pakamwa yemweyo, ndipo ndimakukondani, ngakhale simudandipatsepo mpata woti ndinene."

Anthu adazyolika, pakuti mawu otere mayi wachikulire sankawanena pabwalo. Amene sadachite manyazi adali Nditani yekha. "Amayi, mukatseka nsungwi ndi pakamwa, mpweya sukulowa. Muziyankhula pang'ono n'kuchokapo."

Ndiye adatero masana onse: kuyankhula, kuchotsa pakamwa, kuika khutu. Nthawi iliyonse ankatsiriza ndi "Mwamva? Yankhani," ndipo wa pansiyo ankayankha, mwina poopa kuti akapanda kutero ayambiranso pachiyambi. Tulo tikafuna kuwatenga, mayiwo ankawakalipira. Adawakumbutsa nsalu imene adabwera nayo powafunsira, yaifupi yosakwana m'chiuno. Adawauza kuti atchule maina a ana awo mmodzimmodzi, ndipo a Kampanje, amene sadawatchulepo chiwaikire, adawatchula onse anayi akulira. Patapita nthawi liwu la pansi lidamveka lolimbako.

"Nachisale, uwauze onse. Ndikatuluka muno wamoyo, amene wandipulumutsa ndimpatsa chitsulo ndi chinsinsi chake, lero lomwe, dzuwa lisanalowe."

A Nachisale adadzutsa mutu n'kubwereza mawuwo mokweza. Kalowa m'khutu kayanza malo. Mudzi wonse udamva, adamvanso a kwa a Thawale amene ankafika nthawi yomweyo matabwa ali pamapewa, Mwatitha ali patsogolo.

Ntchito idayenda. Nditani ankanena pamene khoma lang'aluka, Ndaziona ankatchula woti atsike ndi woti akoke, ochekawo ankaimika matabwa ndi kupanikiza mitanda, madengu akuyenda dzanja ndi dzanja. Kawiri konse khoma lidasuntha, anthu mitima m'mwamba, koma matabwa adagwira. Dzuwa litapendeka, dzanja la wokumba lidakhudza nsonga ya chitsulo mbali ya chulu, kenaka phewa la munthu. Adawatulutsa miyendo yonse iwiri itathyoka, ndipo aliyense adaona kuti m'chitsime sadzatsikamonso. Adawagoneka pamphasa pansi pa mthethe, chitsulo chili pambali pawo.

Atamwa madzi pang'ono, maso awo adagwera pa mkulu wa ocheka uja. A Kampanje adayankhula ngati munthu wonyamula chinthu chosazolowera.

"Mwaswera bwanji, a Thawale?"

"Taswera, kaya inu. Za chitsulozo ife musatiwerengere. Tinangobwera kudzabweza moni."

Dzuwa lidali litatsala pang'ono kukhudza phiri. Palibe adapita kwawo. Anthu ankakhala pansi, kudzukanso, kuyang'ana kumadzulo.

Adayamba Mwatitha. "Atsibweni, popanda matabwa bwenzi lero tikulira anthu atatu, inu ndi okumba awiri. Matabwawo sanabwere chifukwa cha miyendo yanga. Anabwera chifukwa cha moni amene mwakhala mukundinyoza naye."

"Ndipo inu mukufunsa za mwendo wa amayi a eni," adatero Ndaziona, "mchenga unkakudikirani?"

Nditani adayang'ana pansi. "Ndinanena za nsungwi, za kaphanga, za matabwa. Zonse zinali zoona."

"Unanenanso m'mawa za mchenga," adatero Mwatitha, "ngati ukunena za nkhuku ya eni, n'kutsitsa dengu."

"Zimenezonso n'zoona."

Ndaziona adaimirira. "Mawu a achimwenewa anawamva ndani? Ine ndekha. Anachotsa anthu m'mphepete ndani? Anatuma wothamanga ndani? Ndikadakhala chete, bwenzi mudzi wonse utawakwirira ndi mapazi, uku ukulira."

"Unalamulanso kuti azule nsungwi," adatero Nditani, ndipo Ndaziona adakhala pansi.

A Kampanje adatseka maso. "Zonsezi ndikuzimva tsopano. Pansi paja moni sindinamumve, za matabwa sindinazimve, kulamula sindinakumve. Ine ndinali nditavomera kale kufa. Ndinamva munthu mmodzi yekha."

Onse adatembenukira a Nachisale, akuyembekeza kuti anena monga mtengwa amanenera, kuti izi n'za eni banja. Mayiwo adapukuta kumaso ndi nsalu.

"Mukudikira kuti ndikane? Sindikana. Dothi la zitsime makumi atatu ladutsa pamutu panga, ndipo la madzi ndi lopanda madzi ndimalidziwa ndi khosi. Iwo anati amene wandipulumutsa. Sanati wa m'banja."

"Chitsulo cha makolo chituluke m'banja?" adafunsa Mwatitha.

"Amayi, mawu anu tinawamva, enafe tinalira nawo," adatero Ndaziona. "Koma sanachotse mchenga ngakhale wodzaza chikho. Popanda ife, bwenzi akukuyankhani mpaka mpweya kutha."

"Ndipo popanda ine, mwana wanga, bwenzi mutafukula mtembo mwadongosolo."

A Kampanje adali gone, akuyang'ana nkhope zinayizo, ndipo adachita mantha kuposa aja a m'dzenje. Adadziwa kuti akatchula mmodzi, atatuwo amva kuti mawu awo adali mphepo. Amuna awiriwo akhoza kutenga akazi awo n'kusamuka. Ndaziona, amene adayenera kudzawasunga tsopano pamene alibe miyendo, sangaiwale. Ndipo mayi amene adatsegula mtima wake pamaso pa mudzi wonse, akamukana lero, sadzautsegulanso. Chitsulo sichidulika panayi. Chinsinsi mwambo umati n'cha khutu limodzi. "Tiona" adali atamukwirira okha m'dzenje ndi lonjezo lawo, mboni zake midzi iwiri. Munthu amene moyo wake wonse adati pakamwa sipatulutsa madzi adali atatulutsidwa m'manda ndi pakamwa panayi, ndipo tsopano adayenera kutsegula pake. Adagwira chitsulo. Dzuwa lidakhudza phiri.

Ine ndaimira pomwepa, ndipo belu lilire lisalire, simutuluka. Papepala la mayeso mudzalemba bwinobwino kuti chiyankhulo chimadziwitsa, chimalamula, chimamanga ubale, chimatulutsa zakukhosi, ndipo wochonga adzapereka malikisi ofanana pa chilichonse. Pansi pa mthethe paja sizikutheka. Musandiuze kuti mutu umodzi susenza denga, a Kampanje adziwa zimenezo ndi miyendo yawo. Musandiuzenso kuti agawane, mwambo wakana ndipo lonjezo lati mmodzi.

Mwatitha adalonjera mpaka adani adasenza matabwa, koma adadya nthawi. Nditani adanena zoona zokhazokha, koma m'mawa adazinena mozizira. Ndaziona adayendetsa mudzi wonse, koma lamulo lake loyamba likadapha munthu. A Nachisale adagwira mtima wa wakufa kuti usathawe, koma mchenga sadauchotse, ndipo si a banjalo. Inu a kumbuyo, inu a pawindo, tandiuzani dzuwa lisanalowe: a Kampanje apereke chitsulocho kwa yani, ndipo atatu otsalawo awauze chiyani?